Moyo wa Tsiku ndi Tsiku wa Wophunzira Kunja kwa Dziko: Zoyenera Kuchita Kuyambira Musananyamuke

Kalata imene yunivesite yakunja imatumiza kwa munthu amene yamusankha imatchula maphunziro amene adzachite, tsiku lotsegulira ndi ndalama za fizi, koma sinena kanthu za zinthu zimene zidzamudyere nthawi yambiri m'miyezi yoyamba, monga kupeza pogona, kulembetsa ku maofesi a boma, kutsegula akaunti ya kubanki, kudziphikira ndi kuzolowera mayendedwe a mumzinda wachilendo. Kawirikawiri wophunzira zinthu zikamusokonekera kunja sikuti nzeru za m'kalasi zamuchepera. Amakhala kuti anachedwa kupereka pepala lina, sanatsegule imelo ina, kapena anakhala chete ndi vuto laling'ono mpaka linakula. Munthu wokhala m'dziko la eni pa viza alibe danga lozengereza limene mbadwa ili nalo, ndipo malangizo otsatirawa ayalidwa motsata nthawi imene chilichonse chimafunika. Malamulo a viza amasinthidwa kawirikawiri, choncho ziwerengero zimene zatchulidwa pano muzifananitse ndi zolembedwa pa viza yanu komanso pa tsamba la boma la dziko limene mukupitako.

Choyamba, konzani mapepala musanakwere ndege

Mapepala onse ofunika muwaike m'kachikwama kamene mudzalowe nako m'ndege, osati m'sutikesi yaikulu imene ingathe kusochera kapena kufika patapita masiku. Mapepalawa ndi pasipoti, viza, kalata yokusankhani, umboni wa ndalama kapena kalata ya bungwe limene likukulipirirani, masatifiketi enieni a maphunziro anu akale ndi khadi la katemera. Wopita ku United States pa viza ya ophunzira ya F-1 asaiwale fomu ya I-20, imene yunivesite imapereka potsimikizira kuti yamulandira, ndipo adziwe kuti saloledwa kulowa m'dzikomo ngati masiku otsala kuti maphunziro ayambe akadali oposa 30. Adiresi ya kumene mukagone usiku woyamba ndi nambala ya foni ya yunivesite muzilembe papepala ndi cholembera, chifukwa wogwira ntchito pachipata cholowera m'dziko akhoza kukufunsani pa nthawi imene foni yatha moto kapena ilibe intaneti. Pepala lililonse mulijambule ndi kusunga zithunzizo pa imelo yanu.

Ngati mumamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, tengani okwanira miyezi yoyamba ali m'mapaketi ake, pamodzi ndi kalata ya dokotala yotchula dzina lenileni la mankhwalawo, ndipo mufufuze ngati ndi ololedwa kumene mukupita. Mankhwala okhala ndi codeine kapena tramadol, mwachitsanzo, akhoza kumuika munthu m'mavuto ku United Arab Emirates ngati alibe mapepala ake. Mano ndi maso mupimitse musananyamuke, popeza inshulansi zambiri za ophunzira sizilipira zimenezi mokwanira. Yang'ananinso pa chaja ya foni ndi ya kompyuta: ngati palembedwa 100–240V, chofunika ndi adaputa ya pa soketi basi. Mphamvu ya magetsi ndi 230 ku Europe, 120 ku United States ndi Canada, ndi 100 ku Japan, motero ayironi ndi ketulo ndi bwino kukazigula komweko, monganso jekete ya nyengo yozizira.

Chachiwiri, lembetsani masiku asanathe

Mukafika, musanayambe kuzungulira mzinda, pitani ku ofesi yoona za ophunzira ochokera kunja ndi funso limodzi lomveka bwino: ndi zinthu ziti zimene ndiyenera kulembetsa, ku ofesi iti, ndipo pasanathe masiku angati? Paja safunsa anadya phula, ndipo pa nkhani imeneyi kusafunsa kumatha ndi chindapusa kapena kuthetsedwa kwa viza. Ku Germany munthu amayenera kukalembetsa adiresi yake ku ofesi ya mzinda pasanathe masabata awiri chilowereni m'nyumba, atatenga kalata yotsimikizira yochokera kwa mwini nyumba, ndipo popanda pepala limene amapatsidwa kumeneko zinthu zina monga nambala ya msonkho ndi chilolezo chokhala m'dzikomo zimaima. Ku China, mlendo amene sakugona ku hotela amalembetsa kupolisi pasanathe maola 24, ndipo wolowa ndi viza ya ophunzira ya X1 amakhala ndi masiku 30 oti apemphe chilolezo chokhala. Ku India wophunzira wa viza yoposa masiku 180 amalembetsa ku ofesi yoona za alendo pasanathe masiku 14, pamene ku United States wophunzira akasintha nyumba amadziwitsa yunivesite yake pasanathe masiku 10. Tsiku lomaliza la chilichonse mulilembe pa kalendala ya mu foni, ndipo ngati ofesiyo imafuna kusungitsa malo pa intaneti, sungitsani tsiku lomwelo, chifukwa kumayambiriro kwa chaka cha maphunziro ophunzira onse atsopano amakhamukira komweko.

Ntchito zimenezi zimakokana ngati mphete za unyolo. Banki imafuna umboni wa adiresi ndi kalata yochokera ku yunivesite, wolemba ntchito amafuna akaunti ndi nambala ya msonkho, ndipo mwini nyumba nthawi zina amafuna akaunti imene simungaitsegule musanakhale ndi nyumba. Ndondomeko imene imayenda bwino m'malo ambiri ndi iyi: malizani kulembetsa pa yunivesite kuti mulandire khadi la wophunzira ndi kalata yotsimikizira kuti ndinu wophunzira, gulani simukhadi ya kumeneko, lembetsani adiresi, kenako pitani kubanki. Sabata yolandirira ophunzira atsopano musaiphonye ngakhale mutatopa ndi ulendo, chifukwa ndi nthawi yokhayo imene a laibulale, a chipatala, a banki ndi a zachitetezo amabwera okha kwa inu, ndiponso ndi sabata yokhayo imene aliyense amakhala mlendo ndipo kulankhula ndi munthu wosamudziwa sikudabwitsa.

Chachitatu, samalani pa nkhani ya nyumba

Ngati yunivesite ili ndi malo ku hositelo, chaka choyamba ndi bwino kukhala kumeneko ngakhale mtengo utakhala wokwererapo pang'ono, chifukwa magetsi, madzi, intaneti ndi zotenthetsera m'nyumba zimakhala m'kati mwa lendi, ndipo chinthu chikawonongeka pali ofesi yodziwika yokadandaulako. Amene akufuna nyumba ya kunja kwa sukulu asatumize ndalama kwa munthu amene sanamuone pa nyumba imene sanailowe. Akuba amaika zithunzi za zipinda zokongola pa mtengo wotsika, n'kunena kuti ali kunja kwa dziko ndipo makiyi adzatumiza dipoziti ikalipiridwa. Kuli bwino kulipira malo ogona alendo kwa masiku angapo n'kumafufuza muli pomwepo.

Mgwirizano wa lendi muuwerenge wonse musanasaine, ndipo ngati uli m'chinenero chimene simunachidziwe bwino, upititseni ku ofesi ya ophunzira kapena ku bungwe la ophunzira kuti akuthandizeni. Onetsetsani kuti mwamvetsa ngati zotenthetsera zili m'kati mwa lendi, popeza m'mayiko ozizira bilu imeneyi ndi imene imadzidzimutsa anthu. Dziwani kuti mukafuna kutuluka muyenera kudziwitsa mwini nyumba kudakali nthawi yaitali bwanji. Ngati mukusaina pepala limodzi ndi anzanu, funsani ngati mudzayenera kulipira gawo la mnzanu iye akathawa, chifukwa mapangano ambiri amatero. Dipoziti nayo ili ndi malire m'mayiko ena: ku England siyenera kupitirira lendi ya masabata 5 pa nyumba zambiri ndipo mwini nyumba amayenera kuisungitsa ku bungwe lovomerezeka pasanathe masiku 30, pamene ku Germany malire ndi lendi ya miyezi 3 osaphatikiza mabilu.

Tsiku lolowa, musanamasule sutikesi, tengani foni ndi kujambula chipinda chonse mwachifatse. Jambulani banga la pa kapeti, mng'alu wa pa sinki, chitseko cha kabati chimene chikulendewera, tsinde la matiresi mutalitembenuza, ngodya ya pamwamba pa zenera pamene nkhungu imakonda kumera, ndi manambala a pa mita ya magetsi ndi ya gasi. Zithunzizo muzitumize kwa mwini nyumba pa imelo tsiku lomwelo ndi mawu achidule akuti umu ndi mmene mwachipezera chipindacho. Ntchito ya mphindi makumi awiri imeneyi ndi imene idzakubwezereni dipoziti potuluka, pamene mawu apakamwa adzakhala ataiwalika. Funsaninso tsiku limene zinyalala zimatengedwa ndi mmene amazisiyanitsira, komanso maola amene phokoso sililoledwa, chifukwa mikangano yambiri ndi oyandikana nawo imayambira pa ziwirizi.

Chachinayi, gawani ndalama tsiku limene zalowa

Ndalama za amene akukulipirirani zikhoza kuchedwa mwezi woyamba, pa nthawi imene dipoziti, zofunda, ziwiya ndi khadi la basi zikufunika nthawi imodzi, choncho mufike ndi zokwanira masabata angapo. Zikayamba kulowa, tsiku lomwelo chotsani za lendi, inshulansi, foni ndi mayendedwe, patulani kagawo kena ka ngozi zadzidzidzi, ndipo zotsalazo muzigawe pa masabata, osati pa mwezi. Munthu amene akudziwa kuti sabata ino ali ndi ndalama zakuti amazindikira msanga kuti wapyola, pamene wowerengera pa mwezi amadzidzimuka pa 20. Mwezi woyamba lembani chilichonse chimene mwagula. Zimene zimatha ndalama si zinthu zikuluzikulu, koma zakudya zoitanitsa pa foni usiku wa mayeso, khofi wogula popita m'kalasi, ndi mapulogalamu amene munawayesa ulere ndipo akhala akudula ndalama mwezi uliwonse osakufunsani. Khadi la wophunzira muzilionetsa paliponse, chifukwa mabasi, sitima ndi masitolo ambiri amatsitsira ophunzira mtengo koma sanena okha. Mukamagwiritsa ntchito khadi la banki yakwanu ndipo makina akufunsa kuti mulipire m'ndalama ziti, sankhani za dziko limene mulilo, popeza kusinthitsa kwa makinawo kumakhala kodula.

Pali misampha iwiri imene imatchera makamaka ophunzira achilendo. Woyamba ndi foni yochokera kwa munthu wodzitcha wapolisi, wa ofesi ya kazembe kapena wa ofesi yoona za olowa ndi otuluka, wonena kuti mapepala anu ali ndi vuto ndipo mulipire lero lomwe kuti musathamangitsidwe. Dulani foniyo ndi kukafunsa ku ofesi ya ophunzira ochokera kunja. Maofesi a boma salandira chindapusa kudzera m'makadi a mphatso kapena m'maakaunti a anthu wamba. Wachiwiri ndi woopsa kwambiri chifukwa umaoneka ngati mwayi. Munthu, nthawi zina mnzanu weniweni, amapempha kuti ndalama zidutse pa akaunti yanu n'kuzitumiza kwina, inu n'kutsala ndi kagawo. Ndalama zoterezi zimakhala zakuba, ndipo dzina limene apolisi amalipeza ndi lanu. Akaunti imatsekedwa, mlandu umatsegulidwa, ndipo viza ikhoza kupita nazo.

Achibale otsala kwanu akhoza kuganiza kuti muli pa ndalama chifukwa amamva kuchuluka kwa zimene mumalandira osamva za lendi. Afotokozereni msanga, mowaonetsa ziwerengero, ndipo ngati mukufuna kuthandiza, ikani mlingo umodzi umene mungathe popanda kukhudza lendi ndi chakudya.

Chachisanu, dzipangireni ndandanda ya sabata

Apa ndi pamene ambiri amanyengeka. Ndandanda ya makalasi ikhoza kuonetsa maola 12 kapena 15 okha pa sabata, ndipo munthu amaganiza kuti masiku ena ndi opuma. Mayunivesite a ku Europe amawerengera ntchito m'makirediti a ECTS, ndipo chaka chimodzi chimakhala ndi makirediti 60, kirediti iliyonse ikuimira maola 25 mpaka 30 a ntchito. Ndiye kuti chaka chimafuna maola 1,500 mpaka 1,800, amene ndi pafupifupi maola 40 pa sabata, ndipo ochuluka mwa iwo ndi owerenga panokha popanda wokuyang'anirani. Sabata yoyamba tengani ndondomeko ya phunziro lililonse, lembani pa kalendala imodzi masiku onse operekera ntchito ndi a mayeso, ndipo mudzaona masabata amene zinthu zitatu zagundana. Kenako ikani maola owerenga pa ndandanda ngati kuti ndi makalasi, ndi malo ake omwe. Laibulale imaposa chipinda chogona pa ntchitoyi, makamaka m'nyengo yozizira pamene bedi lili pafupi.

Kupezeka m'kalasi kwa wophunzira wachilendo kumakhudza viza. Mayunivesite a ku United Kingdom amakakamizidwa ndi lamulo kutsata ngati ophunzira a pa viza akutenga nawo mbali pa maphunziro ndi kudziwitsa boma za amene asowa. Ku United States wophunzira wa digiri yoyamba amayenera kukhala ndi makirediti a kumeneko, osati a ECTS, osachepera 12 pa teremu, ndipo kusiya phunziro limodzi popanda chilolezo cha ofesi ya ophunzira ochokera kunja kukhoza kumugwetsa pansi pa mlingowo. Imelo ya yunivesite muziitsegula tsiku lililonse, chifukwa chenjezo limabwera kumeneko ndipo amaliwerenga ngati lafika ngakhale simunaliwerenge.

Aphunzitsi ambiri amakhala ndi maola oikika amene wophunzira aliyense angalowe mu ofesi yawo. Kupita kumeneko si kusowetsa mtendere munthu wamkulu, ndi gawo la ntchito yake, ndipo wophunzira amene amangokhala phee chifukwa cha ulemu amaoneka ngati wopanda chidwi. Mukadwala kapena kukagwa zovuta kwanu, pemphani masiku owonjezera tsiku loperekera ntchito lisanafike. Imelo yake ikhale yaifupi: mutu wake utchule nambala ya phunziro ndi ntchito imene mukunena, m'kati munene dzina lanu ndi nambala yanu ya wophunzira, chimene chachitika m'chiganizo chimodzi kapena ziwiri, masiku amene mukupempha, ndi umboni umene mwaphatikiza monga kalata ya dokotala. Pempho lofika tsiku litadutsa limavuta kulivomera ngakhale chifukwa chake chili chomveka.

Nkhani ya kukopera ntchito za ena imalangidwa mwamphamvu, ndipo ambiri amagwamo mosadziwa. Mayunivesite ambiri amadutsitsa zolemba m'mapulogalamu monga Turnitin amene amazifananitsa ndi mabuku, masamba a pa intaneti ndi ntchito za ophunzira ena. Njira yodzitetezera imayambira polemba manotsi: chiganizo chilichonse chimene mwakopera liwu ndi liwu muchiike m'zizindikiro zogwira mawu pomwepo, ndi dzina la wolemba ndi nambala ya tsamba, chifukwa pakatha masabata atatu simudzakumbukira kuti mawu anu ndi ati. Kupatsa mnzanu ntchito yanu kuti aonereko kumalangitsa nonse awiri. Pa mapulogalamu a kompyuta olemba okha, funsani lamulo la phunziro lililonse, popeza aphunzitsi amasiyana. Musakhumudwenso ndi malikisi musanadziwe kawerengedwe kake. Ku United Kingdom 70 ndi giredi yapamwamba ndipo pa digiri yoyamba munthu amakhoza ndi 40, pamene ku Germany 1.0 ndiye yabwino koposa ndipo 4.0 ndi yongokhoza.

Chachisanu ndi chimodzi, ganyu ikhale m'malire a viza

Musanavomere ntchito iliyonse, dziwani maola amene viza yanu imalola. Ku United Kingdom wophunzira wa digiri amaloledwa maola 20 pa sabata m'kati mwa teremu, ndipo saloledwa kudzilemba yekha ntchito, zimene zikutanthauza kuti maganyu olipidwa ngati kabizinesi kake ndi oletsedwa. Ku South Africa malire ndi maola 20. Ku United States nawonso ndi maola 20, koma pa sukulu pokha, ndipo ntchito yakunja imafuna chilolezo chapadera. Canada inaika maola 24 pa sabata kuyambira mu 2024, Australia imalola maola 48 pa masabata awiri, Japan imalola maola 28 kwa amene watenga chilolezo, ndipo Germany imawerengera masiku athunthu 140 kapena matheka 280 pa chaka. Malirewa amaphatikiza ntchito zonse zimene muli nazo, ndipo ku United Kingdom simungagwire maola 30 sabata ino pofuna kudzagwira 10 sabata yamawa. Sungani mapepala a malipiro ndi kulemba maola anu nokha. Wolemba ntchito amene akufuna kukulipirani pamanja popanda pepala amadziwa kuti simudzatha kukadandaula akakubera. Ndipo ngakhale lamulo litalola maola 20, wophunzira wa chaka choyamba amene akuzolowerabe chinenero ndi kaphunzitsidwe angachite bwino kuyamba ndi theka lake.

Chachisanu ndi chiwiri, chakudya, kuzizira ndi chipatala

Kudziphikira ndiye njira yaikulu yosungira ndalama. Sankhani tsiku limodzi logula zinthu muli ndi mndandanda, phikani zambiri kawiri pa sabata, ndipo zotsala zimene zili mu firiji muzidye pasanathe masiku atatu kapena anayi; zina muziumitse mu firiza. M'khitchini yogawana ndi ena lembani dzina pa zakudya zanu, tsukani mbale musanakadye, ndipo mutsegule zenera pokazinga, chifukwa belu lochenjeza za utsi likalira m'hositelo nyumba yonse imatuluka panja ngakhale pakati pa usiku. Belulo musaliphimbe kapena kulichotsa batire.

Amene akupita kumayiko akumpoto akonzekere mdima kuposa kuzizira. Ku London mu Disembala dzuwa limaoneka maola osakwana 8 ndipo limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo ku Stockholm usana ndi wa maola pafupifupi 6. Thupi limalemera, tulo timasokonekera, ndipo munthu amayamba kujomba kalasi ya m'mawa. Tulukani panja masana ngakhale kwa theka la ola, ndipo muzidzuka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse. A zaumoyo ku United Kingdom amalangiza kumwa mamaikulogalamu 10 a vitamini D tsiku lililonse m'miyezi ya mdima, ndipo kwa anthu a khungu lakuda amati ndi bwino kutero chaka chonse. Valani zovala zopyapyala zingapo zosanjikiza m'malo mwa chimodzi chochindikala, kuti muzitha kuvula mukalowa m'nyumba zotenthetsedwa. Musayese kutenthetsa chipinda ndi mbaula yamakala kapena uvuni wa gasi, chifukwa mpweya wa carbon monoxide sununkha ndipo umapha munthu ali mtulo. Kumbukiraninso kuti m'mayiko ena mawotchi amasunthidwa ndi ola limodzi kawiri pa chaka, ku Europe Lamulungu lomaliza la Marichi ndi la Okutobala.

Lembetsani kuchipatala mudakali bwino. Ku United Kingdom munthu amalembetsa kwa dokotala wa m'dera lake, amene ndiye amamutumiza kwa akatswiri. Ku United States fufuzani zipatala zimene inshulansi yanu imagwira nazo ntchito ndi gawo limene mumalipira nokha, ndipo pa matenda ang'onoang'ono yambirani ku chipatala cha pa sukulu, chifukwa chipinda cha odwala mwakayakaya n'chodula kwambiri. Nambala ya ngozi muisunge pamtima: 112 m'mayiko a European Union, 999 ku United Kingdom, 911 ku United States ndi Canada, 000 ku Australia.

Chachisanu ndi chitatu, musadzitsekere m'chipinda

Kusungulumwa sikubwera sabata yoyamba pamene zonse ndi zatsopano. Kumabwera pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, ntchito zitachuluka, ndipo kumakula pa nthawi ya tchuthi pamene ophunzira a m'dzikomo apita kwawo n'kusiya hositelo ili zii. Konzekerani tchuthi choterocho kudakali nthawi pofunsa amene akutsala ndi zimene yunivesite imakonza. Ikani nthawi yodziwika yolankhulana ndi abale, moganizira kusiyana kwa maola, m'malo mochezera pa foni usiku wonse n'kudzuka mutatopa. Lowani gulu limodzi lokumana sabata iliyonse, kaya la masewera, la nyimbo, la chipembedzo kapena la ntchito zongodzipereka, chifukwa ubwenzi umamera pa kuonana mobwerezabwereza. Anthu ochokera dziko lanu ndi ofunika, ndipo adzakuonetsani zambiri zimene ofesi singakuuzeni, koma pa nkhani za viza ndi ntchito musadalire zokambidwa m'magulu a WhatsApp, popeza zimene zinayenda kwa wina zaka zitatu zapitazo zikhoza kukhala mlandu lero.

Ngati papita masabata awiri mukulephera kugona, kudya kapena kudzuka kupita m'kalasi, pitani kwa alangizi a pa yunivesite, amene amasunga chinsinsi ndipo m'malo ambiri salipiritsa. Wina akakuchitirani tsankho kapena nkhanza, lembani tsiku, malo, mawu amene ananenedwa ndi amene analipo, ndipo mukanene ku ofesi yoyenera. Dziwitsaninso ofesi ya kazembe wa dziko lanu kuti muli m'dzikomo, chifukwa ndi kumene mudzapite pasipoti ikatayika.

Pomaliza, yang'anirani masiku othera mapepala

Pa kalendala yanu pakhale tsiku lothera viza, pasipoti, inshulansi ndi mgwirizano wa nyumba, ndipo chilichonse chikhale ndi chikumbutso miyezi itatu tsikulo lisanafike. Pempho lowonjezera viza limaperekedwa yakale isanathe, ndipo kawirikawiri limafuna umboni wa ndalama, wa inshulansi ndi wakuti maphunziro akuyenda, zimene sizisonkhanitsika tsiku limodzi. Ngati mwalephera phunziro ndipo maphunziro anu atalika, dziwitsani ofesi ya ophunzira ochokera kunja ndi amene akukulipirirani mukangolandira zotsatira. Musanatuluke m'dzikomo pa tchuthi, funsani ngati mapepala anu akulolani kubwereranso. Wa viza ya F-1, mwachitsanzo, amafunika saini ya ulendo yochokera ku yunivesite pa I-20 yake, imene imagwira ntchito kwa miyezi 12. Mayiko ambiri amafunanso kuti pasipoti ikhale ndi miyezi 6 yotsala, ndipo kukonzetsa yatsopano muli kunja kumatenga nthawi yaitali, choncho ngati yanu idzathe maphunziro asanathe, yambani kufunsa ku ofesi ya kazembe kutatsala chaka chathunthu.